Klaō, mneni wa Chigiriki wonyemera mkate: tanthauzo lake ndi kasinthidwe kake

Mu chaputala 22 cha Luka muli mawu awiri a Chigiriki osiyana ndi chilembo chimodzi chokha. Pa vesi 19 pali ἔκλασεν, eklasen: Yesu ananyema mkate. Pa vesi 62 pali ἔκλαυσεν, eklausen: Petro analira. Wowerenga mothamanga akhoza kumuliritsa Yesu pa mkate, kapena kumunyemetsa Petro kunja kwa bwalo la mkulu wa ansembe. Mawu oyambawo amachokera ku mneni κλάω, klaō, ndipo achiwiriwo ku κλαίω, klaiō, kulira. Pano tikambe za woyambayo.

Mu dikishonale ya Chigiriki mneni salembedwa ngati "kunyema", mmene timachitira ife. Amalembedwa ngati munthu akudzinenera yekha pa nthawi ino, choncho klaō kwenikweni ndi "ndikunyema" kapena "ndimanyema". Kachizindikiro ka pamwamba pa ō ndi ē kakungosonyeza kuti lembo la liwulo ndi lalitali, omega kapena eta.

Asanafike pa mkate

Klaō ndi mneni wakale kwambiri, ndipo poyamba sankachita za chakudya ayi. Mu ndakatulo za Homer amapezeka pa zinthu zowonda zimene dzanja kapena mphamvu yadzidzidzi ingathyole. Mu gawo 6 la Odyssey, Odysseus atapulumuka pa ngozi ya panyanja anadzuka ali maliseche, namva mawu a atsikana. Anathyola nthambi ya masamba m'thengo kuti adziphimbe, ndipo mawu ake ndi klase. Mu gawo 11 la Iliad, muvi wa Paris unalasa Eurypylus pa ntchafu, bango la muviwo linathyoka: eklasthē. Homer yemweyo amanenanso za mtima kuti kateklasthē munthu akamva uthenga woopsa, monga ife tinganene kuti mtima wasweka. Theophrastus, wophunzira wa Aristotle amene analemba za zomera, amagwiritsa ntchito mneniyu pa kuthyolera nthambi za mpesa posamalira munda. Akatswiri a masamu ankamutchula pa mzere umene wakhota pa nsonga imodzi, ndipo kubwerera kwa kuwala kukagunda pa kalilole ankati anaklasis.

Chimene chikugwirizanitsa zonsezi n'chakuti chinthu chapindidwa mpaka chalekana, kapena chabenthulidwa pa chinzake. Palibe nyundo, palibe mwala. Mkangano wa zithunzi zopatulika umene unagwedeza ufumu wa Byzantium m'zaka za m'ma 700 ndi 800 unatchukitsa dzina lakuti eikonoklastēs, woswa zithunzi, ndipo tsinde lake ndi lomweli. Koma amenewo ndi matanthauzo a m'nthawi ina ndithu.

Mu Chipangano Chatsopano mneniyu anachepa ntchito modabwitsa. Akupezeka ka 14, ndipo malo onse 14 akunena za mkate: katatu mu Mateyu, katatu mu Marko, kawiri mu Luka, kanayi mu Machitidwe, kawiri mu 1 Akorinto. Yohane sanamugwiritse ntchito mneniyu ngakhale kamodzi. Tanthauzo lakale la nthambi linangotsalira pa mneni wophatikiza, ekklaō, amene Paulo amamutchula katatu mu Aroma 11, pa vesi 17, 19 ndi 20, ponena za nthambi za mtengo wa azitona zimene zinathyoledwa.

Chifukwa chake chili kukhitchini. Mkate wa Ayuda a nthawi imeneyo unali wophwatalala, wozungulira, si buledi wa m'sitolo wodula ndi mpeni. Pa chakudya mwini nyumba ankautenga, n'kunena mdalitso, n'kuunyema ndi manja, n'kugawira amene akhala naye. Kumeneko ndiye kunali kutsegulira chakudya. Ayuda amene anamasulira malemba awo m'Chigiriki Yesu asanabadwe, m'Baibulo lotchedwa Septuagint, anali atayamba kale kumuika mneniyu pa mkate. Yeremiya 16:7 akunena kuti pa maliro sipadzanyemedwa mkate wotonthoza ofedwa, ndipo Chigiriki chake ndi klasthē. Maliro 4:4 akuti ana apempha mkate koma wowanyemera palibe, ho diaklōn.

Apa ife tili ndi mwayi umene wowerenga Chingerezi alibe. Chingerezi chimagwiritsa ntchito mneni mmodzi pa mkate, pa mwendo, pa mbiya ndi pa lamulo. Ife timanyema mbatata yootcha kapena chigumu, ndipo mwana akati "ndinyemereko" aliyense amadziwa kuti akupempha gawo, sakupempha kuti chiwonongeke. Palibe amene anganene kuti wanyema mwendo. Wophunzira amene amafika ku Chigiriki kudzera m'mabuku a Chingerezi amataya kusiyana kumene chinenero chake chinamupatsa kale, n'kuyamba kumasulira klaō kuti "kuthyola" kapena "kuswa" ngakhale pa mkate. M'Chipangano Chatsopano mawu ake ndi kunyema, basi.

Aneni ena oswa ndi othyola

Chigiriki nachonso chimasiyanitsa, ndipo Yohane 19 ndi malo abwino owonera zimenezi. Akuluakulu a Ayuda anapempha Pilato kuti miyendo ya opachikidwa ithyoledwe, afe msanga, mitembo isakhale pa mitanda pa Sabata. Mneni wa pa vesi 31, 32 ndi 33 ndi κατάγνυμι, katagnymi, kuthyola chinthu cholimba. Pa vesi 36, pobwereza lemba lakuti fupa lake silidzaswedwa, Yohane akusintha n'kutenga συντρίβω, syntribō, kuphwanya, kutekedza. Syntribō yemweyo ndi amene mayi wa ku Betaniya anaswa naye nsupa ya mafuta onunkhira pa Marko 14:3, ndi amene munthu wa ziwanda anaphwanya naye matangadza pa Marko 5:4. Mateyu 12:20 akuika aneni awiriwa m'chiganizo chimodzi: bango lophwanyika, syntetrimmenon, sadzalithyola, ou kateaxei. Vinyo watsopano wophulitsa matumba achikopa pa Marko 2:22 ali ndi mneni wakewake, rhēgnymi. Nsalu ya m'Kachisi inang'ambika ndi schizō. Kuswa Sabata pa Yohane 5:18 ndi lyō, amene tanthauzo lake loyamba ndi kumasula.

Katagnymi ali ndi kachilema kamene kamasokoneza ngakhale odziwa. Mu Chigiriki e wa kumayambiriro kwa tsinde amasonyeza nthawi yakale, ndipo sayenera kupezeka pa nthawi yamtsogolo. Koma kateaxei wa Mateyu ndi wamtsogolo ndipo e alipo. Kateagōsin wa pa Yohane 19:31, "kuti ithyoledwe", nayenso ali naye pamene lamulo silimuyembekezera. Muzu wa mneniyu kale unkayamba ndi chilembo cha w, chotchedwa digamma, chimene chinasiya kutchulidwa, ndipo anthu anayamba kumumva e uja ngati gawo la tsinde. Kukhalapo kwake kunathandizanso kupewa msokonezo, pakuti kataxei wopanda e akanafanana ndi mneni wina, katagō, kutsitsa.

Mmene klaō amasinthira

Klaō ali m'gulu la aneni amene tsinde lawo limathera ndi a. Mu nthawi yatsopano, a ameneyu akakumana ndi lembo la liwu la kumathero amasungunukirana, monga ife timanenera kuti "wokongola" m'malo mwa "wa kukongola". A akakumana ndi o, ō kapena ou pamatuluka ō. Akakumana ndi e kapena ē pamatuluka a wamtali. Akakumana ndi ei pamatuluka a wamtali wokhala ndi kachilembo ka iota pansi pake. Motero klaō wa mu dikishonale simudzamupeza choncho m'Chipangano Chatsopano. Zimene zimalembedwa ndi κλῶ, κλᾷς, κλᾷ kwa ine, iwe ndi iye, kenako κλῶμεν, κλᾶτε, κλῶσιν kwa ife, inu ndi iwo. Pa 1 Akorinto 10:16 Paulo akuti ton arton hon klōmen, mkate umene timanyema: kla- ndi -omen zakhala klōmen. Pa Machitidwe 2:46 pali klōntes, akunyema, kuchokera ku kla- ndi -ontes. Amene akufufuza klōmen mu dikishonale pa mawu oyamba ndi klō- amagwera pa klōthō, kupota ulusi, n'kubwerako manja ali m'khosi.

Vuto lenileni lili pa nthawi zinazo. Lamulo limene aliyense amaloweza m'chaka choyamba limati a wa kumapeto kwa tsinde amatalika n'kukhala ē pa nthawi yamtsogolo ndi pa aorist, nthawi yofanana ndi -na- wathu: agapaō amakhala ēgapēsa, timaō amakhala etimēsa, gennaō amakhala egennēsa. A amangotsala pamene kumbuyo kwake kuli e, i kapena r. Kumbuyo kwa a wa klaō kuli l, ndiye tikanayembekezera eklēsa. Koma ayi. Magawo ake ndi klasō, ndidzanyema, eklasa, ndinanyema, keklasmai, ndanyemedwa, eklasthēn, ndinanyemedwa. A sakutalika paliponse. Klaō ali m'kagulu kochepa pamodzi ndi gelaō, kuseka, spaō, kusolola, ndi chalaō, kutsitsa ndi chingwe, amene amachita ngati tsinde lawo likuthera ndi s. S ameneyo amabisala pa nthawi yatsopano, koma amaonekera poyera mu msintho wochitidwa, eklasthēn, ndi mu dzina lakuti klasma.

Kuti a ndi wamfupi umboni wake uli pa kachizindikiro ka kamvekedwe. Pa Machitidwe 20:7, ku Trowa, akhristu anasonkhana κλάσαι ἄρτον, kudzanyema mkate. Fanizirani ndi τιμῆσαι ndi ἀγαπῆσαι. Mathero a -ai amenewa amawerengedwa ngati afupi, ndipo lembo lalitali logogomezedwa kumbuyo kwawo limayenera kutenga chizindikiro chopindika. Klasai watenga chizindikiro chowongoka, chifukwa a wakeyo ndi wamfupi.

Kudziwa zimenezi kumapulumutsa pa aneni anayi ofanana nkhope. Eklasen ndi "ananyema". Eklausen ndi "analira". Eklēthē ndi "anaitanidwa" kapena "anatchedwa", kuchokera ku kaleō. Ekleisthē ndi "chinatsekedwa", kuchokera ku kleiō, monga chitseko chija cha pa Mateyu 25:10. Lembo la liwu lotsatira kl- ndi limene limaweruza mlandu: a, au, ē kapena ei. Dzina lakuti ekklēsia, mpingo, lili ndi ē, choncho ndi la banja la kuitana. Amene angalalikire kuti mpingo ndi "anthu onyemedwa" wanamizidwa ndi kufanana kwa zilembo. Owerenga mabuku a ku Athens akale ali ndi msampha wina: kumeneko kulira kunkalembedwanso klaō. Koma a wa kulirayo ndi wamtali ndipo sasungunukirana ndi mathero, choncho klaei ndi "akulira" pamene κλᾷ ndi "akunyema".

Mawu aatali amaphwasulidwa kuyambira kumathero. Titenge ἐξεκλάσθησαν, exeklasthēsan, a pa Aroma 11:17. Mathero -san akusonyeza kuti ndi zambiri, ndipo si ine kapena iwe. Kumbuyo kwake kuli -thē-, chizindikiro cha aorist wa msintho wochitidwa, chofanana ndi -edw- wathu. Kenako s uja wa tsinde, kenako kla-. Kumbuyo kwa tsinde kuli e wa nthawi yakale, ndipo koyambirira kwenikweni kuli ex-, amene ndi ek, "kuchoka mu", atasintha chifukwa chotsatiridwa ndi lembo la liwu. Mukachotsa e ndi kubwezera ex- kukhala ek-, mwapeza ekklaō wa mu dikishonale: nthambi zinathyoledwa kuchoka pa mtengo. Ambiri amalakwitsa pofufuza exeklaō, mneni amene kulibe.

Ananyema, ankapereka

Pa Marko 6:41, podyetsa anthu 5,000, aneni atatu akutsatana. Eulogēsen, anadalitsa, ndi kateklasen, ananyemanyema, onse ali mu aorist. Wachitatu, edidou, ali mu imperfect: ankapereka. Luka 9:16 akuchita chimodzimodzi, Marko 8:6 ndi Mateyu 15:36 nawonso ali ndi eklasen wotsatiridwa ndi edidou. Aorist amaonetsa ntchito yonse pamodzi ngati chinthu chotha. Imperfect amaionetsa ili mkati, ikupitirira. Chichewa chimanyamula kusiyanaku mosavuta ndi -na- ndi -nka-, ndipo womasulira amene angalembe "ananyema, anapereka" wafafaniza chithunzi cha ophunzira akubwerabwera kudzatenga. Kata- wa pa kateklasen amawonjezera mphamvu, kunyema mpaka zidutswa. Kataklaō akupezeka kawiri kokha, pa Marko 6:41 ndi Luka 9:16.

Pali chiphunzitso chofala m'maguwa chakuti aorist amatanthauza "kamodzi kokha". Vesi lomweli likuchitsutsa. Mikate inali isanu, ndipo munthu sanyema mikate isanu ndi kupinda kumodzi. Aorist sanena kuti ntchito inachitika kangati kapena inatenga nthawi yotalika bwanji. Amangokana kuiyang'ana mkati. Tisaiwalenso kuti Mateyu 14:19, pofotokoza nkhani yomweyo, akulemba klasas edōken, atanyema anapereka, zonse mu aorist. Ndiye imperfect wa Marko ndi kasankhidwe ka wolemba, ndipo si maziko okwanira oti munthu anenere motsimikiza kuti mkate unkachulukira m'manja mwa ndani.

Klasas ameneyu ndi participle wa aorist, ndiye kuti mneni wotsamira pa mneni wina m'chiganizo, ndipo akupezeka kanayi: Mateyu 14:19, Luka 24:30, Machitidwe 20:11 ndi 27:35. Kumasulira kwake ndi -ta- wathu, "atanyema", ndipo -as akusonyeza mwamuna mmodzi amene ndi mwininkhani. Pa Marko 8:19 Yesu akudzinenera yekha: eklasa eis tous pentakischilious. Chigiriki chikufuna kamawu kapadera, eis, kuti chisonyeze olandira. Ife timangoika -er- m'kati mwa mneni: pamene ndinanyemera anthu 5,000 mikate isanu.

Mayina awiri anabadwa ku mneniyu, ndipo mathero awo amanena ntchito yawo. Mathero -sis amatchula kuchitako, choncho klasis ndi kunyema; akupezeka kawiri, pa Luka 24:35, pamene awiri a ku Emau anamuzindikira Yesu "m'kunyema kwa mkate", ndi pa Machitidwe 2:42. Mathero -ma amatchula chotuluka pa ntchitoyo, choncho klasma ndi chidutswa chonyemedwa. Akupezeka ka 9, konse mu nkhani za kudyetsa makamu, ndipo Yohane amene anamupewa mneniyu ali nalo dzinali pa 6:12 ndi 6:13. Klasmata, zidutswa zimenezi, si nyenyeswa. Nyenyeswa zogwa pansi pa tebulo zimene tiagalu timadya pa Marko 7:28 ndi psichia. Zimene zinadzaza madengu 12 zinali zidutswa zenizeni zoti munthu angapatsidwe m'manja.

Funso limene limavutitsa ndi lakuti "kunyema mkate" m'Machitidwe ndi Mgonero wa Ambuye kapena chakudya wamba. Galamala payokha siyankha. Pa 27:35 Paulo ali m'ngalawa ya anthu 276, ambiri osakhulupirira, atatha masiku 14 m'namondwe. Akutenga mkate, kuyamika Mulungu, kunyema, n'kuyamba kudya, ndipo cholinga chake ndi chakuti anthu anjala adye. Pa 20:7 ndi tsiku loyamba la sabata ndipo asonkhanira kunyemako. Mneni ndi yemweyo. Chimene chimasiyanitsa ndi nkhani yozungulira. Kuti mawuwa anadzasanduka dzina la mwambo zikuoneka m'zolemba za akhristu oyambirira: Didache, imene Philotheos Bryennios anaipeza ku Constantinople mu 1873, imatcha mkate wa pa mwambowo klasma ndipo imalamula kuti pa tsiku la Ambuye klasate arton, nyemani mkate. Ignatius wa ku Antiokeya, polembera Aefeso, akunena za akhristu hena arton klōntes, akunyema mkate umodzi.

Mawu amodzi a pa 1 Akorinto 11:24

Mipingo yambiri inazolowera kumva kuti thupi la Ambuye ndi "lothyoledwa" kapena "lonyemedwa chifukwa cha inu". Mawu a Chigiriki ake ndi κλώμενον, klōmenon: participle wa nthawi yatsopano, msintho wochitidwa, wogwirizana ndi sōma, thupi. Kla- ndi -omenon zasungunukirana monga taonera. Mawuwa ali m'mipukutu yambiri ya ku Byzantium, analowa mu Chipangano Chatsopano cha Chigiriki chimene Erasmus anasindikiza mu 1516, n'kufika mu Baibulo la King James la 1611. Mpingo wa Orthodox wa ku Greece umawatchulabe pa pemphero la Ukaristiya.

Mipukutu yakale koposa ilibe mawuwa. P46 ya cha m'ma 200, Vaticanus, Alexandrinus, ndi Sinaiticus monga anailembera mlembi woyamba, zimangoti to hyper hymōn, "la chifukwa cha inu", chiganizo n'kuthera pomwepo ngati chadulidwa. Alembi ena anadzaza mpatawo ndi klōmenon, wina ndi thryptomenon, kunyenya, ndipo mabaibulo ena akale a zinenero zina ali ndi "loperekedwa", mogwirizana ndi Luka 22:19. Mpata umodzi ukadzazidwa m'njira zitatu zosiyana, akatswiri a mipukutu amaona kuti poyamba panalibe kanthu. N'chifukwa chake malemba a Chigiriki amene omasulira ambiri amagwiritsa ntchito lero anawachotsa mawuwa n'kuwaika m'munsi mwa tsamba.

Ena amakana klōmenon pa chifukwa china, akuti akutsutsana ndi Yohane 19:36, pamene fupa silinaswedwe. Mkangano umenewo umaonekera m'Chingerezi, mmene mavesi onse awiri ali ndi mneni mmodzi. Mu Chigiriki Yohane ali ndi katagnymi ndi syntribō, ndipo mlembi amene anawonjezera mawu kwa Paulo anangotenga eklasen wa m'vesi lomwelo n'kumusamutsa kuchoka pa mkate kupita pa thupi. Amene akufuna kuwasunga mawuwa pa mwambo awamasulire kuti "lonyemedwa"; "lothyoledwa" ndi limene limabweretsa mafupa m'nkhani imene munalibe mafupa.

Chenjezo limodzi kwa amene adzafike ku Athens ali ndi Chigiriki cha m'kalasi. Lero kuswa ndi kuthyola amati spaō kapena spazō. Klaō wakale uja anasanduka klanō, aorist wake akadali eklasa, koma tanthauzo lake tsopano ndi kuphwisa. Kunja kwa tchalitchi musamutchule pa tebulo.